Ku Stellenbosch sindinapitire vinyo

"Asuweni, anzanu amapita kumeneko kukalawa vinyo, inu mukuti masetilaiti?" Anaseka chikhakhali msuweni wanga, koma galimoto analiza ndithu. Iye amayendetsa ya hayala ku Cape Town, ndiye makilomita pafupifupi 50 amenewo tinangowadutsa tikucheza za kumudzi.

Tauniyo ndi yokongola, sindikana. Mitengo ikuluikulu m'mbali mwa misewu, nyumba zoyera mbee, minda ya mpesa mpaka m'tsinde mwa mapiri. Ine maso anali pa nyumba za yunivesite zophunzitsiramo uinjiniya, pakuti m'menemo ndi momwe munabadwira SUNSAT, setilaiti yoyamba ya South Africa. Anaipanga ndi ophunzira a maphunziro apamwamba pamodzi ndi aphunzitsi awo. Inkalemera makilogalamu 64 okha, matumba a chimanga awiri osakwana, koma inali ndi kamera yojambula dziko kuchokera kumwamba. Inakwera mu February 1999 ku Vandenberg, ku America, pa roketi ya Delta II. A NASA anainyamula posinthana ndi kuikamo chipangizo chawo cha GPS.

Kunja kwake nyumbazo n'zosachititsa chidwi. Msuweni anafunsa ngati tabweradi kudzaona makoma.

Tinakhala pa benchi, ndipo ndinamufotokozera zomwe zinatsatira. Ena mwa omwe anaphunzira ntchito pa SUNSAT anayambitsa kampani ya SunSpace. Boma litaika ndalama kudzera ku dipatimenti ya sayansi, anapanga setilaiti ya SumbandilaSat, yomwe inanyamuka ku Baikonur, ku Kazakhstan, mu September 2009. Dzinalo ndi la Chivenda, chiyankhulo china cha ku South Africa, kutanthauza kutsogolera njira. Inajambula zithunzi kwa zaka ziwiri, kenako mu 2011 mkuntho wa mphamvu zophulika kuchokera ku dzuwa unaiwononga. Ntchito ina yaikulu sinabwere msanga, thumba la SunSpace linauma, ndipo mu 2013 antchito ake analowa pansi pa Denel, kampani ya boma yopanga zida za nkhondo.

Apa ndi pomwe nkhaniyi imandikoka mtima. Kampani inagwa, koma luso linatsala m'mitu ya anthu. Lero dera lomweli kuli CubeSpace, yopanga zipangizo zowongolera setilaiti kuti iyang'ane komwe ikufunika, kuli Simera Sense ya makamera, kulinso Dragonfly Aerospace yomwe inapanga EOS SAT-1, setilaiti yowunika minda, yomwe inakwera mu January 2023 pa roketi ya SpaceX. Kwa ine, ndalama zomwe zinalipirira kafukufuku wa ana asukulu aja zinapindula kuposa za SumbandilaSat, ngakhale panthawiyo zinkaoneka ngati zoseweretsa.

Tinazungulira ku Technopark, komwe kuli maofesi a makampani aukadaulo. Linali Loweruka, zitseko zotseka, alonda okha pageti.

Pobwerera msuweni anakhala duu kwa kanthawi. Kenako anafunsa ngati kamera zoterozo zingaone munda wa mayi ake ku Phalombe, womwe namondwe Freddy anaukwirira ndi mchenga mu 2023. Ndinati zingauone, bola kusakhale mitambo. Anangogwedeza mutu, n'kukhotera ku malo omwetsera mafuta, ndipo mafutawo ndinalipira ndine.