Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 11: Wati Imodzi Yochokera ku Germany

M'gawo lapitalo ndinalekezera pamene msuweni wanga anabwera kuchokera ku Johannesburg kumapeto kwa chaka cha 2021 atanditengera kabokosi ka SDRplay RSP1A, kamene kamalandira mafunde a wailesi n'kuwapereka ku kompyuta. Anthu ambiri akapeza chipangizo choterechi amathamangira kumtunda, ku mafunde afupiafupi kumene mawu a anthu akutali amamveka ngakhale ndi kawaya komangirira pa mtengo wa mapeyala. Ine mtima unandikokera kunsi, ku mafunde ataliatali, kupitirira ngakhale mawailesi a medium wave amene bambo anga ankamvera usiku kwathu ku Dedza, ndipo kumeneko n'kumene ndinatayako miyezi isanu ndi iwiri ya tulo.

Kunsi kumeneko kuli timalo tiwiri timene tinapatsidwa kwa anthu ochita za wailesi mongozikonda. Msonkhano wa ITU, bungwe loona za mauthenga ndi mafunde a wailesi pa dziko lonse, umene unachitikira ku Geneva mu 2007 unagwirizana zopereka 135.7 mpaka 137.8 kHz (kHz ndi muyeso wa mafunde a wailesi), ndipo wa mu 2012 unawonjezera 472 mpaka 479 kHz. Mphamvu yololedwa kutuluka pa eriyo ndi yochepa zedi: wati imodzi, ngakhale kuti pa malo achiwiriwo mayiko ena amaloleza mawati asanu. Chovuta chachikulu ndi kutalika kwa funde lenilenilo. Pa 136 kHz funde limodzi limatalika mamita pafupifupi 2,200, ndipo pa 475 kHz limatalika mamita 630, kotero kuti eriyo yokwanira bwino, imene imakhala gawo limodzi mwa magawo anayi a fundelo, iyenera kukhala ya mamita 550 kapena 158. Poloti imene ndimachita lendi ku Chibavi mu mzinda wa Mzuzu ndimayidutsa ndi mapazi makumi awiri okha. Komanso kuulutsa mawu kumafuna chiphaso cha MACRA ndi dzina la pa wailesi loyamba ndi 7Q, chizindikiro cha Malawi, ndipo ine nthawi imeneyo ndinalibe. Ntchito yanga inali kumvetsera basi, ndipo sindinachite nayo manyazi.

Amene anandilimbitsa mtima anali bambo wina wachikulire amene timapemphera naye tchalitchi chimodzi, yemwe pa unyamata wake anagwira ntchito ya matelegalamu ndipo zilembo za Morse, zotumizidwa ndi kulira kwakufupi ndi kwakutali, zinamukhazikika m'makutu. Tsiku lina tikutuluka m'mapemphero ndinawatchulira za 472 kHz, ndipo anaima pakati pa msewu n'kundigwira dzanja.

"Aphunzitsi, mukudziwa kuti mwayandikira malo opatulika?" anatero.

Anandifotokozera kuti 500 kHz ndi pamene sitima za panyanja zikuluzikulu zinkaitanira thandizo zikakhala pangozi, kwa zaka pafupifupi makumi asanu ndi anayi, mpaka njira zatsopano zitalowa m'malo mwake mu 1999. Chimene chinandikhudza kwambiri ndi lamulo limene anaphunzitsidwa ali kusukulu ya ntchito yawo: kawiri pa ola lililonse, mphindi 15 ndi mphindi 45 zikakwana, aliyense ankayenera kusiya kutumiza uthenga kwa mphindi zitatu, kuti ngati pali sitima yofooka imene ikulira kutali imveke. Mawotchi a m'zipinda za wailesi ankapakidwa utoto wofiira pa mphindi zimenezo. Ndinabwerera kunyumba ndikuganizira anthu a mitundu yonse, a zilankhulo zosamvana, atakhala chete nthawi imodzi chifukwa cha munthu amene sakumudziwa.

Popeza waya wautali unalibe poumanga, ndinasankha eriyo yozunguliza. Kalipentala wa pafupi ndi kwathu anandikhomera mitengo iwiri yopingasa ngati mtanda, kuti ngodya zake zinayi zipange bwalo la mita imodzi mbali iliyonse. Kwa munthu wina wokulunga mamotala ndinagula waya wa kopa wopaka vanishi, ndipo ndinaukulunga maulendo 14, womwe ndi waya wa mamita 56, ndikusiya kampata kofanana ndi kamtengo ka machesi pakati pa mzere ndi mzere. Kapasita yotembenuza yotcherera mafunde, ya timapale tachitsulo tolowana ngati zala, ndinaichotsa mu wailesi yakale yakufa imene ndinaipeza pa mulu wa zotsalira kwa wokonza mawailesi mumsika. Kenaka ndinadutsitsa waya wina kamodzi kokha mkati mwa bwalolo, umene umatapa zimene waya wokulungawo wagwira n'kupita nazo ku kabokosi kaja. Eriyo yotereyi ili ndi khalidwe limene ndinadzalikonda pambuyo pake: imamva bwino zochokera kumene kwaloza m'mphepete mwake, koma zochokera kumaso kwake imazikana pafupifupi kotheratu.

Usiku woyamba, mu Disembala, ndinavala mahedifoni ndipo ndinawavula msangamsanga. Munali kuthetheka kosalekeza ngati nkhuni zaziwisi pamoto. Mphezi iliyonse imatulutsa mafunde a wailesi, makamaka ataliatali omwewa, ndipo m'nyengo ya dzinja mphezi za pa nyanja yathu, za ku Zambia ndi za ku Congo zonse zinkathera m'makutu anga, ngakhale usiku umene kumwamba kwa Mzuzu kunali nyenyezi zokhazokha. Masana sikukanathandiza, chifukwa dzuwa likatuluka gawo lam'munsi la mpweya wa m'mwamba wotchedwa ionosphere, limene lili pa mtunda wa makilomita 60 mpaka 90 kuchokera pansi, limameza mafunde a 475 kHz. Limazimirira dzuwa likalowa, ndipo apo m'pamene mafundewo amatha kugunda kumwamba n'kubwerera pansi kutali. Choncho nthawi yomvera ndi usiku, ndipo nyengo yake ndi yachisanu. Ndinayenera kudikira, ndipo ku Mzuzu mvula sifulumira kutsanzika.

Pamene ndinkadikira ndinayamba kusaka phokoso la m'nyumba mwanga momwe, ndipo apa m'pamene ndinaphunzira zambiri kuposa zimene ndinawerenga. Ndinkazimitsa chinthu chimodzichimodzi ndikuyang'ana pa kompyuta. Babu la LED la pakhonde linkajambula mizere yoimirira ngati mpanda wa bango. Chaja yotchipa ya foni ya mayi a kunyumba inkalira kwambiri kuposa zonse, ngakhale pamene panalibe foni. Inveta ya sola yanga, imene ndinkainyadira, ndiyo inali mdani wamkulu, moti ndinaisiya n'kumayendetsa laputopu pa batire yake yokha. Zonsezi nditazithetsa panatsala mkokomo umene unkabwera kudzera pa mawaya a magetsi a mumsewu, wochokera ku ma TV ndi machaja a nyumba zonse za m'dera lathu. Umenewo ndinkangouchepetsa potembenuza eriyo kuti iuyang'ane kumaso, koma kuutheratu sindikanatha.

Panali nkhani inanso imene sindinaiganizire. Munthu wotuluka pakati pa usiku atanyamula mtanda wokulungidwa mawaya n'kumauzunguza pabwalo sangalephere kuoneka, ndipo anthu anali asanaiwale mphekesera za anamapopa zimene zinaphetsa anthu osalakwa m'dziko muno. Mayi a kunyumba ndiwo anandichenjeza.

"Abambo, kuchitsime anthu ayamba kufunsa. Pitani kwa amfumu musanaitanidwe."

Ndinawamvera. Ndinanyamula eriyo ndi laputopu masanasana, ndinakaika pamaso pa amfumu ndi anthu amene analipo, ndipo ndinawamvetsa wailesi wamba kudzera pa waya womwewo. Amfumu anagwira wayawo, anafunsa ngati sungakoke mphezi, ndipo nditawatsimikizira kuti mvula ikamabwera ndimaulowetsa m'nyumba, anandilola ndi mawu akuti ana a sukulu a m'deralo ndiziwaonetsako. Mpaka lero ndimaona kuti mkazi wanga anapulumutsa zambiri tsiku limenelo.

Chimene ndinkasaka sichinali mawu a munthu. Pa mafunde amenewa oyeserera ambiri amagwiritsa ntchito njira yotchedwa WSPR, imene anaikonza mu 2008 Joe Taylor, katswiri wa ku America amene analandira mphoto ya Nobel ya Physics mu 1993. Wotumiza amayamba pa mphindi yogawika ndi ziwiri, ndipo kwa masekondi pafupifupi 110 amatumiza pang'onopang'ono zinthu zitatu zokha: dzina lake la pa wailesi, kabokosi ka pa mapu kosonyeza dera limene ali, ndi mphamvu imene akugwiritsa ntchito. Chifukwa uthengawo ndi waufupi ndipo ukuyenda mwachifatse chotero, kompyuta imatha kuutola ngakhale utamira pansi pa phokoso mwakuti khutu la munthu silingaumve n'komwe. Wolandira amatchera pa 474.2 kHz, amaonetsetsa kuti wotchi ya kompyuta sinaphonye ndi masekondi oposa awiri, amalemba kabokosi kake, kamene kwa ife a ku Mzuzu ndi KH78, kenaka amadikira. Ndinadikira Meyi yense ndi Juni yense, ndipo m'mawa uliwonse ndinkapeza tsamba loyera.

Chaka chimenecho cha 2022 magetsi ankazima maola ambiri, chifukwa mu Januwale namondwe Ana anali atawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire. Sindifuna kuti wina andimve molakwa. Mdima umenewo unagwetsa ometa tsitsi, owotcherera zitsulo ndi a zigayo, ndipo ana anga a Fomu 4 ankawerenga ndi matochi a foni. Koma ndiyenera kunena zoona zake, kuti usiku wina wa mu Julayi magetsi atazima dera lonse, mpanda wa mizere uja unagwa pa kompyuta kamodzin'kamodzi, ndipo m'mahedifoni munatsala kamphepo kosalala ngati mvula yamawawa pa udzu. Chikhalire ndinali ndisanamvepo malowo ali chete chotero. Kunja kunali nkhungu, kuzizira kwa Mzuzu kolowa m'mafupa. Ndinafunda bulangete, ndinalozetsa m'mphepete mwa eriyo kumpoto, ndinatembenuza kapasita pang'onopang'ono mpaka kamphepo kaja katakwera pachimake, ndipo ndinachepetsa kuwala kwa laputopu kuti batire ifike m'bandakucha.

Nthawi itangopitirira 2 koloko, mzere umodzi unatulukira. Unali ndi dzina la pa wailesi la ku Germany, kabokosi ka kum'mwera kwa dzikolo, nambala 30 imene imatanthauza wati imodzi, ndi mtunda wopitirira pang'ono makilomita 7,000. Mphamvu ya uthengawo inali -29, kutanthauza kuti unali pamalire penipeni pa zimene kompyuta ingathe kutola. Manja anga ananjenjemera, koma sindinadzutse munthu, chifukwa ndinkadziwa kuti nthawi zina pulogalamuyi imapanga dzina labodza kuchokera m'phokoso, ndipo mboni imodzi siigamulitsa mlandu. Ndinakhala ndikuwerenga mphindi ziwiriziwiri, batire ikutsika. Patapita mphindi makumi awiri dzina lomwelo linabweranso, ndi kabokosi komweko ndi nambala yomweyo. Wati imodzi siikwana kuyatsa ngakhale babu la pakhonde lija, koma inali itadutsa nyanja ya Mediterranean, chipululu cha Sahara ndi nkhalango za pakati pa Africa n'kudzagwera pa waya wa mamotala ku Chibavi. Apo ndinapita kukagogoda kuchipinda, ndipo mayi a kunyumba anabwera atafunda chitenje, anawerenga mizere iwiriyo mofatsa, kenaka anakoleza mbaula n'kutereka tiyi.

Lachisanu lotsatira ndinakatenga bambo achikulire aja kuti adzagone kwathu. Ndinawaonetsa mizere ija, ndipo anaiyang'ana nthawi yaitali atayandikizitsa nkhope chifukwa maso awo anafooka.

"Ndakondwera, aphunzitsi," anatero, "koma inu munamva chiyani ndi khutu lanu?"

Ndinavomera kuti sindinamve kanthu. Anagwedeza mutu, osati monyoza, koma ngati munthu amene wauzidwa kuti kumudzi kwawo kunamangidwa msewu watsopano umene iye sadzayendamo. Pamenepo ndinakumbukira kuti pansi pang'ono pa malo athuwo pali timawailesi ta pa mabwalo a ndege, timene usana ndi usiku timangobwereza zilembo ziwiri kapena zitatu za Morse kuti oyendetsa ndege adziwe kolowera. Magetsi atazima ndinatchera kabokosi ka SDRplay kaja pa mafunde amenewo, ndinatsekera timapale ta kapasita mkati, ndinawaveka mahedifoni. Poyamba nkhope yawo sinasinthe. Kenaka chala chawo cha mkombaphala chinayamba kugogoda pa tebulo, kufupi ndi kutali, kufupi ndi kutali, ndipo anatchula zilembozo mokweza ine ndisanazindikire n'komwe kuti m'phokosomo muli kulira. Anapempha pensulo. Usiku umenewo analemba timawailesi tinayi kuseri kwa envelopu, ndipo kachinayi anakamva okha, ine ndinalephera ngakhale atandipatsa mahedifoni kawiri.

Kutacha, ndikuwaperekeza kokwerera kabaza, anandifunsa ngati waya womwewo ungatsike mpaka pa 136 kHz. Ndinali nditawerengera kale kuti pangafunike makapasita ochuluka kakhumi ndi kawiri kuposa imene ndinali nayo, choncho Lolemba nditaweruka kusukulu ndinalunjika kumsika kukafunsa wokonza mawailesi uja ngati pa mulu wake patsala mawailesi ena akufa.