Zikomo achimwene a kabaza ndi amayi a tomato

Lachiwiri lapitali kagalu kanga, Ndatani, kanasowa ine ndili kalikiliki ndi nsima ya masana pa lesitilanti yanga pafupi ndi depoti ya mabasi ya Kasungu. Kali ndi miyezi inayi yokha. Masiku onse kamagona kuseri pambali pa thumba la makala, kudikira makoko a nsima, ndiye sindinaganize n'komwe kuti kangatuluke.

Inu achimwene a kabaza amene munakaona kakulowera kumsewu wa M1, n'kutsitsa kasitomala wanu kuti mukathamangitse pakati pa maminibasi, zikomo kwambiri. Munakabweretsa katadetsa malaya anu ndi matope, ndalama yanga n'kuikana. Ndi mantha aja sindinakufunseni ndi dzina lomwe. Bwerani mudzadye nkhuku yalokolo ndi nkhwani wotendera, musadzatulutse kanthu m'thumba.

Nanunso amayi ogulitsa tomato, munasiya benchi lanu n'kundigwirira mthiko. Makasitomala akuti nsima yanu inaposa yanga, zimenezo zandiwawa pang'ono.

Ndatani tsopano ali pachingwe, ndipo dzulo wabayitsa katemera wa chiwewe.