Mmene tinayendetsera pulojekiti ya zimbudzi kutchalitchi kwathu

Atandisankha kukhala wapampando wa komiti yomanga zimbudzi zatsopano kutchalitchi kwathu ku Chiputula mu mzinda wa Mzuzu, anthu amafuna mawa lomwe aone simenti ikutsitsidwa, koma ife tinakhala pansi kaye kulemba kuti tikumanga chani kwenikweni. Zitseko zingati kwa amayi, zingati kwa abambo, chimodzi chotakasuka choti njinga ya olumala izilowa, ndi mpopi wosambira m'manja panja. Pepalalo anasainira abusa, asungichuma ndi ine.

Kenako pulani. Mnyamata wina wa mumpingo momwemo amene anaphunzira zomangamanga anatijambulira, tinakaisiya ku khonsolo ya mzinda kuti aivomereze, yemweyonso anatilembera BOQ, mndandanda wa chilichonse, matumba a simenti a 50kg angati, mabuloko angati, mchenga, kwale, malata, matabwa a ku Chikangawa mpaka misomali. Tinazungulira nayo mahadiweya a mutauni kutenga makotesheni atatu, ndipo pamwamba pa bajeti tinasiyapo kenakake kapadera chifukwa palibe amene waiwala Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, mitengo m'mashopu inasintha tili mtulo. Ndiye zopereka zikangolowa timathamangira malata ndi zitsulo. Simenti yokha timagula pang'onopang'ono ndikuisanja pamatabwa, chinyontho cha kuno ukaigoneka pansi nthawi yaitali umakaipeza yauma gwa.

Za nthawi, Mzuzu mukuidziwa, mvula imafika mpaka Epulo nthawi zina Meyi ikuwazabe. Tinagwirizana kuti faundeshoni ikumbidwe mu Juni, denga likhale litakwera Novembala asanafike. Tinajambula pa tchati chachikulu masabata pamwamba, ntchito m'mbali, akumaofesi amati Gantt chart, ndikumata kukhoma la ofesi. Ubwino wake umaoneratu ntchito imene ikudikira inzake, pulambala ayale mapaipi silabu isanathiridwe, apo ayi mudzaswa konkire yanu yomwe. Komanso konkire sathamangitsa, pamafunika kuithirira madzi sabata yathunthu ndipo mphamvu zake zenizeni imafika nazo pa masiku 28, ndiye masiku amenewo tinawawerengeratu.

Bilidala sitinamupatse ndalama zonse kumayambiriro, zimenezo ndiye ayi. Timalipira akamaliza gawo, faundeshoni, khoma likafika pa lintala, denga, pulasitala, ndipo asanalandire mnyamata uja amabwera ndi tepi ndi levulo kudzaona ngati zili monga papulani. Ndalama zimadutsa pa Airtel Money kapena Mpamba kuti meseji ikhale umboni, malisiti onse mlembi amamata mu hadikava imodzi. Loweruka lililonse timakumana pamalopo, osati muofesi, tiimirire pomwepo tiziona khomalo ndi maso.

Povuta penipeni sipanali pa bilidala, panali pa ife eni ake. Khoma litafika pakati mayi wina wamkulu anandipeza titaweruka mapemphero, akuti abambo apampando bwanji tionjezerepo bafa ndi matailosi, alendo a misonkhano azisamba pabwino. Maganizo abwino ndithu, ndipo munthu wamkulu sungamukanire pamaso pa anthu, ndiye ndinangoti amayi zikomo, mubwere nazo ku komiti Loweruka, mnyamata wathu awerengere mtengo wake ndi masabata amene zionjezere. Tinatulutsa pepala losainidwa lija, tinaika manambala pambali pake. Matailosi apansi anadutsa chifukwa amayi anati asonkha okha, bafa linalembedwa m'maminitsi kuti lidikire chaka chamawa, ndipo palibe anakwiya.

Pomaliza tinayenda chitseko ndi chitseko kulemba zotsala, loko wina samatseka bwino, mpopi umodzi umadontha. Bilidala anakonza, makiyi tinapereka kwa abusa, asungichuma anawerenga ndalama zolowa ndi zotuluka pamaso pa mpingo wonse. 10 peresenti ya bilidala tinaisunga monga tinalembera mu mgwirizano, anadzaitenga mvula yoyamba itagwa titaona kuti denga silikudontha.