Zikomo Oma, lero ndafika ku Ettal ndi miyendo yangayi

Abale anga ndafika. Lero mmawa ndayenda wapansi kuchoka kuno ku Oberammergau, kamudzi ka ku Germany, mpaka ku Ettal komwe kuli tchalitchi cha amonke, opanda ndodo, opanda ondigwira mkono, pano ndikulemba mwendo uli pa pilo ukuwawa koma mtima uli myaa. Za kuterereka pa ayezi kuja, opareshoni, chikhakha ndi miyezi yonse ija mukuzidziwa kale sindibwereza. Ambuye alemekezeke basi.

Amene ndikufuna ndiwathokoze pagulu ndi agogo eni nyumba yomwe ndimachita lendi, ine ndimangowaitana kuti Oma, kutanthauza agogo aakazi m'Chijeremani. Si m'bale wanga, Chichewa amangodziwa zikomo yekha, koma nditatuluka mchipatala ndinapeza anditsitsira kale bedi kuchipinda chapansi kuti ndisamavutike ndi masitepe, ndipo madzulo aliwonse amabwera ndi supu ya mbatatesi atavindikira ndi kansalu, nkukhala pampando mpaka ndimalize. Anakabwereka wilutcheya nkumandikankha mmudzi monsemu, munthu wamkulu ngati uja, mphepo ikuomba. Amaima pa nyumba ina yotchedwa Pilatushaus kundionetsa zojambula zapakhoma zomwe kuno amati Lüftlmalerei, ukaona patali umayesa ndi zipilala zenizeni koma ndi penti chabe, kenako mmashopu a osema ziboliboli, zinandikumbutsa ku Mua ndithu.

Tsiku lomwe ndinafooka kwambiri, ndikunena zongolongedza nkubwerera kumudzi, sanandinyengerere ayi. Anandiveka jekete nkundikankha mpaka kumanda a pa tchalitchi cha Petulo ndi Paulo. Nde akuti mu 1633 mliri unapha anthu oposa 80 mkamudzi kakang'ono ngati kano, otsalawo anawinda kwa Mulungu kuti akawapulumutsa azichita sewero la masautso ndi imfa ya Yesu zaka khumi zilizonse, ndipo mu 1634 anachitadi loyamba pomwepo kumanda pamene anaika abale awo. Mpaka lero sanasiye. La 2020 linalephereka chifukwa cha Covid koma anachitabe mu 2022, lina likubwera 2030. Osewera ndi eni mudzi okha, uyenera kukhala obadwira konkuno kapena utakhalako zaka 20, ndipo azibambo amasiya kumeta tsitsi ndi ndevu kuyambira Lachitatu la Phulusa kutatsala chaka kuti sewerolo lichitike. Oma anatulutsa mchikwama chithunzi cha malemu amuna awo ndevu zili pachifuwa atavala mkanjo wa mseweromo, anachipukuta ndi chala asanandipatse. Ine misozi mbwee. Pomwepo nanenso ndinawinda kuti Ambuye mukandidzutsa ndidzayenda ndekha kukakuthokozani ku Ettal.

Nde lero ndakwaniritsa. Ndadutsa mmunsi mwa phiri la Kofel lija lili ndi mtanda pansonga, lomwe ndinkangoliyang'ana pawindo ndili chigonere, mpaka ndalowa mtchalitchi cha amonke chija, malo omwe mfumu Ludwig anayambitsa mu 1330. Ndayatsa makandulo awiri, ina yanga ina ya Oma.

Amayi kumudzi, mapemphero anu a pa WhatsApp mbandakucha uliwonse ndimawamva, zikomo mayi wanga. Anzanga akuntchito munandigwirira mashifiti, ndi achemwali a fizio munandipirira ndikukuwa, Mulungu akudalitseni. Enanu muli pa Munich pompa, sitima ilipo tsiku lililonse, tinkadyera limodzi nthawi ya zisangalalo koma miyezi yonseyi ngakhale kamesegi. Zinandiwawa, ndanena kuti mudziwe.

Koma Oma inu. Ndikutuluka mtchalitchi ndangowapeza ali panja ndi kagalimoto kawo, flasiki ya tiyi kumanja, akuti amaopa kuti pobwerera mwendo ukana. Sindinawauze nkomwe nthawi yomwe ndinyamuke. Mawa ndikuwaphikira nsima ndi ufa omwe ndinasunga uja, ndiwo zake nkhuku, avomera kale kuti adya ndi manja.