Zomwe tidakaona ku Cornwall pa nkhani yothira mankhwala m'nyanja

Anzanga amene simudapite nawo, nali lipoti la ulendo wathu wa ku England komwe tidakaphunzira za njira zatsopano zomwe makampani akuyesa m'nyanja yamchere pofuna kuchepetsa mpweya wotenthetsa dziko, makamaka funso loti amawayang'anira ndani.

Tidafikira m'tauni ya Hayle, pafupi ndi St Ives m'chigawo cha Cornwall. Nyanjatu imameza kale pafupifupi kota ya carbon dioxide, mpweya wotenthetsa dziko uja, yemwe anthufe timatulutsa, ndiye kampani ya ku Canada ya Planetary Technologies idabwera ndi ganizo loti ukathira magnesium hydroxide m'madzi asidi amachepa ndipo nyanja imameza mpweya wochulukirapo. Mu 2022 adayesa pang'ono podutsitsa mankhwalawo mupaipi ya suweji yomwe imakatsira m'nyanja, koma anthu ambiri akumeneko adamva zitachitika kale, moti mu 2023 adasonkhana pagombe kukana kuti asayesenso zambiri.

Tidayenda pamchenga wa ku Gwithian mphepo ikuwomba zedi mpaka kufupi ndi nsanja ya nyali ya Godrevy, pansi pa phompho nyama za m'nyanja zotchedwa ma seal zili gonegone pamiyala. Bambo wina wakutchera nkhanu ndi amene amatilondolera, manja ali ong'aluka ndi zingwe, ndipo adatilozera mbali yomwe paipi imatulukira. Palibe chimene maso angaone, madzi okhaokha basi. Iwo adati sadana ndi sayansi ayi, nawonso akuona madzi akusintha, chomwe chidawapweteka ndi choti palibe adawafunsa, ndiponso nkhanu zikadzasowa adzakadandaula kwa ndani? Ine funso limeneli lidandigwira mtima kuposa ma slide onse omwe tidaonetsedwa.

Ku London ndi komwe mutu udaima. Mphunzitsi wa malamulo a panyanja adatifotokozera za London Protocol ya 1996, pangano la maiko lokhudza kutaya zinthu m'nyanja, lomwe limayendetsedwa ndi IMO, bungwe la United Nations loona za maulendo a panyanja. Mu 2012 anthu ena adathira matani pafupifupi 100 a iron sulphate kufupi ndi Haida Gwaii ku Canada ngati feteleza kuti ndere, zomwe zimameza carbon dioxide, zimere zambiri, dziko lidadzidzimuka, ndiye mu 2013 maiko adawonjezera ndime yoti zothira feteleza m'nyanja zizichitika pokhapokha ndi kafukufuku weniweni wokhala ndi chilolezo. Koma ndimeyo sidayambe kugwira ntchito chifukwa maiko omwe adaivomereza ndi ochepa kwambiri. Chinanso, panganoli limakamba zotaya kuchokera musitima, mundege kapena pansanja za panyanja, zodzera mupaipi kuchokera kumtunda silikhudzako, choncho nkhani ya ku Hayle idatsalira m'manja mwa Environment Agency, bungwe loona za chilengedwe ku England, la dziko limodzi lokha pomwe madziwo sadziwa malire.

Usiku womaliza tidakangana ndithu. Ena amati kutentha kwafika poipa, asiyeni akatswiri ayese, tikadikira malamulo tidzachedwa. Zoona, kafukufuku ndi wofunika ndipo sindikufuna aletsedwe. Koma kampani yomwe ikugulitsa ma carbon credit, ziphaso zosonyeza kuti mpweya wakutiwakuti wachotsedwa mumlengalenga, siingakhalenso yodziyeza yokha kuti mpweya wamezedwa wochuluka bwanji, pafunika oyeza apadera, zotsatira zonse ziikidwe poyera, komanso asodzi afunsidwe mankhwala asanalowe m'madzi.

Tidagwirizana kuti pamsonkhano wotsatira aliyense abwere atawerenga ndime ya 2013 ija, tidzalembere limodzi kalata yopempha kuti maiko ambiri aivomereze.