Mamita 97 amene palibe anandiuza

Zonsezi zinayamba ndi alamu anga. Tsiku lina tinakwera masitepe a nyumba yosanja, ndipo pofika pamwamba ine ndinali wefuwefu, nditakumbatira chipupa. Iwo anandiyang'ana kuyambira kumutu, maso n'kudzaima pamimba nthawi yaitali ndithu, kenako anati, "Alamu, inuyo galu akakuthamangitsani mumangoima n'kukambirana naye, eti?"

Usiku womwewo ndinalembetsa mpikisano wothamanga mtunda wautali wotchedwa half marathon, kutanthauza theka la marathon. Anthu anzeru amayamba ndi makilomita 5, koma ine nditamva kuti mpikisanowo ndi theka chabe, mtima unakhala m'malo. Theka la chinthu lingaphe munthu? Mayi a kunyumba anangofunsa funso limodzi: "Theka la chiyani, abambo?" Nditafufuza ndinapeza kuti marathon yathunthu ndi makilomita 42 ndi timanambala tina tam'mbuyo timene sindinatilabadire. Ndinagawa pawiri, ndinapeza 21, ndinazimitsa nyali osayankha.

Ndinali ndi masabata 12. Tsiku loyamba ndinatuluka pakhomo ndi liwiro la mtondo wadooka, ndipo nditathamanga mamita ngati 600 dziko linayamba kuzungulira. Ndinakhala pansi m'mbali mwa msewu n'kumamanga zingwe za nsapato zomwe zinali zomanga kale, kuti odutsa asandimvere chisoni. Ndinamanga kwa mphindi 10.

Kenako ndinaphunzira zomwe othamanga mtunda wautali amadziwa kale. Amati uzithamanga pang'onopang'ono moti utha kucheza ndi mnzako osabanika. Ukatopa uziyenda, mpweya ukabwerera n'kuyambanso. Mtunda uziwonjezera pang'ono sabata iliyonse, ndipo kamodzi pa sabata uzichita ulendo wautali. Masiku opumula nawonso amawawerengera monga gawo la maphunziro, ndipo gawo limenelo ndinalikhoza kuyambira pachiyambi. Liwiro langa linali loti mayi wina wonyamula katundu anayenda nane limodzi kwa kanthawi, kenako anapepesa kuti akufulumira.

Koma thupi ndi lodabwitsa. Sabata yachinayi ndinathamanga makilomita 5 osaima. Yachisanu ndi chitatu ndinafika 12. Chikhadabo cha chala chachikulu chinada bii, ntchafu zinakhulana mpaka ndinayamba kuyenda ngati ndatsika pa bulu, ndipo botolo la Vaseline la m'nyumba linasamukira m'chikwama changa. Pofika sabata ya 10 ndinali nditakwanitsa makilomita 18, lamba nditamubowola kabowo katsopano. Ndinayamba kulangiza anthu omwe sanandifunse.

Kunyada kumeneku ndi komwe kunandipweteka. Pali lamulo limene aliyense wothamanga angakuuzeni: pa tsiku la mpikisano usavale chatsopano chilichonse. Ine ndinayang'ana nsapato zanga zakale, zong'ambika pachala, zomwe zinandinyamula masabata onsewo popanda dandaulo, ndipo ndinachita nazo manyazi. Kutatsala tsiku limodzi ndinagula zatsopano zowala, pamodzi ndi malaya oyera mbee. Ndinkafuna kuti zithunzi zikaoneke bwino.

M'mawa wa tsikulo tinadzaza msewu, aliyense ataphatika nambala pachifuwa. Kuseri kwa nambalayo kumakhala kachipangizo kamene kamawerenga nthawi ukaponda mzere woyambira ndi womalizira, choncho kunama n'kosatheka. Pambali panga panali agogo ena a imvi mbuu, miyendo ngati bango. Ndinawamvera chifundo.

"Agogo, mukafika koma?"

"Tikaonana kutsogoloko, mwana wanga."

Mfuti italira, zonse zomwe ndinaphunzira zinatsala pamzere. Ndinatsatira anyamata ena opanda mnofu pathupi, ndipo kwa makilomita awiri ndinali munthu wamkulu kwambiri. Ndinkabayibitsa anthu. Wachitatu anyamata aja anazimiririka, ine n'kutsala ndi mapapo anga.

Pa kilomita ya 8 nsapato zatsopano zija zinayamba kudzidziwikitsa. Yakumanzere inagwira chitendene, yakumanja inasankha kachala kakang'ono. Ndinayang'ana wotchi, ola limodzi linali pafupi kukwana, ndipo ndinakumbukira kuti Jacob Kiplimo wa ku Uganda anatha mtunda wonsewu m'mphindi 57 ndi masekondi 31 ku Lisbon mu 2021. Ndiye kuti pamene ine ndinkakangana ndi matuza ndisanafike n'komwe pakati, mnyamata ameneyo akanakhala akufunsa kumene kuli madzi osamba.

Pamalo omwera madzi a pa kilomita ya 12, mtsikana wopereka makapu anandiyang'ana pachifuwa n'kugwira pakamwa. "Bambo, akubayani ndani?" Nditaweramutsa mutu ndinaona timizere tiwiri tofiira psuu tikutsika pa malaya oyera aja. Nsalu yatsopano ikanyowa ndi thukuta imakhula nsonga za mawere mpaka kutuluka magazi, n'chifukwa chake amuna odziwa amamatapo pulasitala kapena kupaka mafuta. Ine zaka zonsezi ndinkadabwa kuti mwamuna mawere ndi a chiyani. Tsiku limenelo ndinadziwa kuti ndi omvera ululu.

Agogo aja anandipeza pa 14. Sanawonjezere liwiro, sanachepetse, ankangoti nyang'anyang'a monga anayambira. Podutsa anati, "Taonanatu," ndipo anapita.

Pa 16 ndinaganiza zomwe panthawiyo zinkaoneka zanzeru. Abebe Bikila wa ku Ethiopia anapambana marathon ya Olimpiki ku Rome mu 1960 wopanda nsapato. Nanga ine ndikuvutikiranji? Ndinavula, ndinazinyamula m'manja, ndinaponda phula. Chomwe ndinaiwala n'choti Bikila mapazi ake anazolowera, komanso mpikisano wake unatha kunja kutada. Langa linali phula lomwe dzuwa linali litaliwotcha kuyambira m'mawa. Ndinavina mamita 50 gule amene alibe dzina. Pofuna kuvalanso, mapazi anali atatupa ndipo anakana kulowa, choncho ndinaponda kumbuyo kwa nsapatozo n'kumazikhwekhwereza ngati masilipasi.

Cha pa 18 mphamvu zinatha zenizeni. Shuga amene thupi limasunga m'minofu ndi m'chiwindi ali ndi malire, ndipo wanga ndinamumwaza m'makilomita awiri oyamba aja pobayibitsa anthu. Katumba wa mwendo wakumanja anakokana n'kuuma gwa. Apa ndi pamene ndinamva injini ikulira chapansipansi kumbuyo kwanga. Inali galimoto yotola otsalira, chifukwa msewu amautsekula pakatha maola atatu. Dalaivala anatulutsa mutu pawindo.

"Achimwene, mpando ulipo. Muli madzi ozizira."

M'katimo munali anthu anayi, atakhala phee, akuoneka osangalala kuposa ine. Ndinawasirira, sindinama. Koma ndinaona nkhope ya alamu anga m'maganizo, ndinamva funso la galu lija, ndipo ndinati, "Pitani, ndikubwera." Iye anati sangapite, ntchito yake ndi kukhala kumbuyo kwa munthu womaliza. Ndinamvetsa udindo wanga pa mpikisanowo.

Amati tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha, koma iye analibe galimoto yomutsatira. Ndinkathamanga kuchoka pa mtengo wa magetsi kufika pa wina, wotsatirawo n'kuyenda, winawo n'kuthamanga. 19 inadutsa. 20 inachedwa kwambiri moti ndinaganiza kuti wina waba chikwangwani. Kenako, chapatali, ndinachiona: 21.

Ndinasonkhanitsa zotsala zonse, ndinafika pachikwangwanicho, ndinakweza manja, nsapato imodzi n'kuvuka, ndipo ndinagwada pansi misozi ili chuchuchu. Anthu ankakuwa. Ndinkayesa akundiyamikira, ndiye ndinawaweramira. Mpaka dzanja linandigwira paphewa. Anali agogo aja, mendulo ili pakhosi, atasintha kale malaya.

"Mwana wanga, dzuka. Sunafike."

"Agogo, apa palembedwa 21."

"Eya. Kwatsala mamita 97 ndi theka."

Timanambala tija. Marathon ndi makilomita 42.195, mtunda womwe unachokera pa Olimpiki ya ku London ya 1908, pomwe anayambira ku Windsor Castle n'kukathera m'bwalo la masewero, ndipo mu 1921 anaukhazikitsa kuti ukhale wa onse. Theka lake ndi 21.0975. Anthu amene anamwalira kalekale anandiikira mamita amenewa, ndipo ine ndinali nditagwada, mawondo atatseka ofesi, dalaivala uja akuimba hutala mwaulemu.

Ndinadzuka m'magawo atatu. Nsapato yovuka ija ndinaisiya pomwepo. Ndinatsimphina, phazi limodzi lili ndi sokosi yokha, agogo akuwomba m'manja pambali, ndipo ndinaponda mzere pa maola 2, mphindi 58 ndi masekondi omwe sindikuwatchula. Wondiveka mendulo anayamba waitana achipatala.

Masiku atatu otsatira ntchafu zinakana kutsika masitepe choyang'ana kutsogolo, ndiye ndinkatsika chafutambuyo, nditagwira chitsulo ndi manja onse. Alamu anandipeza ndili pakati pa ntchito imeneyi, mendulo ili pakhosi, chifukwa sindinaivule. Anaima n'kuyang'ana kwa nthawi.

"Alamu, ndiye mukukwera kapena mukutsika?"