Mtengo wa Khirisimasi wa chaka chino, kuyambira kumunda mpaka tsiku loutulutsa

6 Disembala

Chino ndi chaka chachitatu ndikugula mtengo weniweni m'malo mwa wapulasitiki, ndipo ulendo uno ndati ndizilemba zonse, chifukwa wa chaka chatha unauma Khirisimasi isanakwane n'komwe. Tinalawirira kupita kumunda wina wa mitengo kunja kwa mzinda wa Leeds ku England, ine ndi mwana wanga wamkazi, kukuzizira kolowa m'mafupa. Ndisananyamuke ndinayeza pabalaza: kuchoka pansi kukafika kudenga ndi mamita 2.4. Choncho ndinkafuna wosapitirira mamita 2, poti choimikira chimawonjezera msinkhu, nyenyezinso imafuna malo ake pamwamba.

Kumundako kunali mitundu iwiri. Wa Norway spruce ndiwo wonunkhira kwambiri, ndipo ndi mtundu womwewo wa chimtengo chimene mzinda wa Oslo umatumiza ku Trafalgar Square ku London chaka ndi chaka kuyambira 1947, pothokoza thandizo la pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse. Vuto lake, ukangolowa m'nyumba yofunda masamba amayoyoka msanga, komanso amabaya. Wa Nordmann fir kwawo ndi kumapiri a Caucasus, ndipo mbewu zake zambiri amakazithyola m'dziko la Georgia, kumapiri komweko. Masamba ake ndi ofewa, obiriwira moderako, kunsi kwake kuli timizere tiwiri toyera. Fungo ndiye n'lochepa.

Ine mtima unali pa spruce. Nditafikisa kanthambi kake m'manja n'kununkhiza, ndinangopezeka ndili paphiri la Zomba, m'nkhalango ya paini imene tinkadutsamo ndili mnyamata, mapazi akuterereka pa masamba ouma. Koma mwana anaugwira n'kubweza dzanja. "Adadi, uwu ukubaya." Tinatenga Nordmann.

Ngakhale anali atangoudula m'mawa womwewo, ndinauyesabe. Ndinagwira nthambi n'kukoka dzanja pang'onopang'ono kuchokera kutsinde mpaka kunsonga: m'manja simunatsale kanthu. Ndinaunyamula n'kuugwetsera pansi choimirira. Anagwa ndi masamba ofiira ochepa a m'kati, amene alibe vuto. Akamagwa obiriwira, umenewo ngousiya. Tsamba la mtengo wauwisi limapindika, la wouma limathyoka kuti thyo. Unalinso wolemera, chizindikiro choti muli madzi.

7 Disembala

Wagona m'galaja, tsinde lili m'ndowa ya madzi, kuti usachoke pachisanu n'kugwera m'nyumba yotentha nthawi imodzi. M'mawa uno ndacheka masentimita 3 kunsi kwa tsinde ndi sowo, mowongoka, n'kuuika m'madzi pompopompo.

Apa m'pamene panalakwika chaka chatha. Mtengo ukadulidwa, utomoni umatuluka n'kumata pachilondapo m'maola ochepa chabe, ndiye ngakhale muuike m'madzi odzaza, sumwa. Wa chaka chatha ndinauimika osaucheka, tsinde lake litakula kuposa pakamwa pa choimikira, ndipo ndinasenda khungwa m'mbali kuti ulowe. Sindinkadziwa kuti madzi amakwera kudzera m'mbali momwemo, kunsi kwa khungwa, osati pakati pa thunthu. Ndinautsekera njira ndi manja anga. Chaka chino ndagula choimikira chachikulu, cholowa malita 4, ndipo khungwa sindinalikhudze.

Ukonde umene anaukulungira ndaudula utaima kale. Nthambi zikutsika zokha pang'onopang'ono, ngati munthu akudziwongola atadzuka. Sindiukongoletsa lero, uyambe wamasuka.

9 Disembala

Tsiku loyamba wamwa lita imodzi ndi theka! Ndinathira usiku, m'mawa ndinapeza madzi atatsika kwambiri. Mnzanga wa kuntchito akuti ndizithiramo shuga kapena aspirin. Ayi, ine ndikuthira madzi a pampopi basi. Shuga amangoyambitsa nkhungu ndi kafungo m'choimikiramo.

Mdani wamkulu m'nyumba za kuno ndi hita. Ndauika pakona ya kuwindo, ndipo radiator (hita ya pakhoma) ya mbali imeneyo ndaitseka. Mayi a kunyumba anadandaula kuti pabalaza pazizira, koma tagwirizana kuti yambali inayo izikhala yoyatsa.

14 Disembala

Taukongoletsa. Timagetsi ndi ta LED, sititentha, ndipo timazimitsa tikamakagona kapena kuchoka. Nthambi za Nordmann n'zolimba, zikunyamula timipira tagalasi osawerama. Pansi tinazunguliza chitenje chofiira chobisa choimikira, koma ndasiya mpata kumbuyo woti ndizilowetsapo dzanja poyesa madzi. Mwana wapachika yekha zonse za m'munsi, zambiri panthambi imodzi. Ndazisiya momwemo.

20 Disembala

Dzulo ndinatsala pang'ono kuutaya. Ndinagwira ntchito mpaka usiku masiku awiri otsatizana, osayang'anamo. Nditapisa chala, madzi anali atangotsala pang'ono kusiyana ndi tsinde. Akanaphwa, utomoni ukanamatanso, ndipo kuchekanso mtengo wokongoletsa kale si ntchito yamasewera. Samalani ndi ichi: m'choimikira mutha kukhala madzi pansi, tsinde lili m'malere osawakhudza. Choncho musamangoyang'ana ndi maso, pisani chala mukhudze tsinde lenilenilo.

Tsopano ndamangiriza ntchitoyi ku tiyi wam'mawa. Ndikateleka ketulo, ndimatenga jagi n'kupita kumtengo. Ukumwa pafupifupi theka la lita patsiku.

26 Disembala

Dzulo kunali alendo asanu ndi atatu, nsima, nkhuku ndi mpunga, nyumba yotentha tsiku lonse. Mtengo wapirira. Amalume ena anathyola tsamba n'kulinunkhiza, osakhulupirira kuti ndi weniweni, n'kuyamba kufotokozera ana za mkungudza wa ku Mulanje ndi fungo la matabwa ake. Posesa m'mawa uno masamba ogwa sanadzaze n'chikhatho chomwe.

6 Januwale

Tautulutsa lero, monga mwa chizolowezi cha kuno choti zokongoletsa zichoke pofika pa 5 kapena 6 Januwale. Masiku anayi apitawa unasiya kumwa, nsonga zayamba kuuma, koma wakhala mwezi wathunthu uli wobiriwira. Ndinayamba ndachotsa madzi otsala ndi kapu, n'kuukulunga m'nsalu yakale kuti masamba asamwazike m'khonde. Ndaupititsa kumalo kumene amagaya mitengo yotere kukhala tizidutswa tophimbira nthaka m'minda ya maluwa.

Ndisanaukweze m'galimoto ndinacheka kachidutswa kozungulira kutsinde. Tinakhala patebulo ndi mwana n'kuwerenga mizere yake ndi nsonga ya pensulo, mzere umodzi chaka chimodzi. Tinapeza 10. Iye ali ndi zaka 7, ndipo anabwereza kuwerenga kawiri. Walembapo chaka ndi dzina lake, akuti ndiboole kabowo pamwamba kuti adzakapachike pamtengo wa Disembala akubwerayu.